Chimanga chimene ndinazula m'dimba la amayi

Anandichotsa ku koleji ya zaulimi ndili m'chaka chachiwiri chifukwa cha mimba. Mwini mimbayo anapitiriza maphunziro mpaka kumaliza, ndipo ndimamva kuti pano ali ndi galimoto. Za iye zathera pomwepa.

Ndinatsika basi pa Linthipe ndi sutikesi yachitsulo ndi makope anayi. Masiku amenewo pachipata cha msika pankaima anyamata ofunsa khadi la chipani. Mmodzi atayang'ana mimba yanga anati nditulutse makhadi awiri, langa ndi la mlendo ali m'katimo. Anzake anafa nako kuseka. Mumsikamo sindinalowe. Ndinasenza sutikesi n'kuyamba kukwera chitunda cha kwathu, mphepo ya kuphiri ikundiwomba kumaso.

Pakhomo ndinapeza amayi okha, poti bambo anamwalira ndili Sitandade 6. Amayi sanandikalipire. Analandira sutikesi n'kufunsa ngati mbale ndi supuni zimene anandipatsa popita ndabwera nazo. Wolankhula anali amalume, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu. Ankakhala kutsidya kwa dambo, kumudzi kwa akazi awo, ndipo kutchalitchi ankaphunzitsa ana katekisimu. Iwo ndi akazi awowo anakhala m'banja zaka zambiri opanda mwana.

Wanga anabadwa m'nyengo yozizira, wamkazi, wa zala zazitali ngati zanga. Chaka chotsatira mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo zimene tinakolola kumunda zinali zochititsa manyazi. Mu Ogasiti amalume anabwera, anakwera pamakwerero, anasuzumira m'nkhokwe, n'kutsika akupukusa mutu.

"Mlongo wanga, ichi sichifika Khirisimasi."

"Dimba lilipo, achimwene," anatero amayi. "Tibzala sabata ino. Pofika Januwale tidzakhala tikudya mondokwa."

"Dimba likakana, mwanayu adzakakhala kwathu mpaka kukolola. Kwathu phala silisowa."

Ine ndinali pakhonde ndikuyamwitsa. Ndinati, "Amalume, mwanayu mayi ake alipo."

"Alipo, eya. Ali ndi chiyani? Makope? Tawaphika tione."

Akazi awo anali atabwera nawo tsiku limenelo. Ankangoyang'ana mwanayo mmene munthu amayang'anira nsalu imene wayikonda m'sitolo. Ndinadziwa kuti mwana akangowoloka dambo limenelo, kubwerako kudzavuta. Choncho kwa ine dimba lija silinali la mondokwa chabe. Likabereka, mwana akhala ndi ine. Likakana, apita.

Dimbalo linali kumunsi kwa mudzi, m'mphepete mwa kamtsinje, lotchingidwa ndi mpanda wa minga chifukwa cha mbuzi. Pakati pake panali chitsime chofika m'chiuno. Tinabzala chimanga chamakolo, zitatu paphando. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, kheni kudzanja ili, ndowa kudzanja linali, mwana kumsana. Madzi a m'dambo la kwathu amaluma zala ngakhale dzuwa litatuluka, ndipo zikhatho zanga zinang'ambika. Koma chimanga chinamera bwino, chobiriwira mpaka kuderako. Ndinayamba kudya ndi mtima pansi.

Chitafika m'mawondo ndinaona timadontho toyera patsamba lanthete la phesi lina. Patapita masiku atatu timadonthoto tinalumikizana n'kukhala timizere tachikasu, todukaduka, totsata mitsempha ya tsamba. Ndinazungulira dimba lonse. Mapesi ena otere anali chakumpanda, ena pafupi ndi chitsime. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Matendawa ndinkawadziwa, ndipo ndinkawadziwa kuposa china chilichonse chimene ndinaphunzira ku koleji.

Anatiphunzitsa ndi bambo wina wamfupi, wongobwera kumene kuchokera kumaphunziro kunja, amene ankalankhula ndi bolodi kuposa ndi ife. Tsiku limenelo analowa ndi tsamba la chimanga la timizere n'kulikhoma pabolodi ndi pini. Anati tsamba limamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono, maselo. M'kati mwa selo lililonse muli ulusi wautali wotchedwa DNA, ndipo paulusiwo ndi pamene palembedwa zonse za mmene chimanga chiyenera kukhalira. Selo likafuna kugawikana, pali mapuloteni amene ntchito yawo ndi kukopera ulusiwo kuti selo latsopano likhale ndi wake. Iye ankawatcha alembi a chimanga.

Vayirasi ya timizere, kachilombo kosaoneka ndi maso, ili ndi kaulusi kakekake, kakafupi, kolumikizika nsonga ngati mphete. Alembi ilibe. Ikalowa m'selo, kamphete kaja kamakafika kumene kuli ulusi wa chimanga. Selo limakawerenga osadziwa kuti n'kachilendo, n'kupanga puloteni imene yalembedwa pamenepo. Puloteniyo ndiye mwini zochita. Imabwerera pakamphete, imafunafuna malo amodzi okha pamene ulusi unapindika, imagwira pamenepo zolimba, n'kudula. Nsonga imodzi imaigwirabe. Alembi a chimanga akapeza nsonga inayo ili pululu, amayamba kukopera, kuzungulira mphete yonse. Akafika pamene anayambira, puloteni ija imadulanso n'kulumikiza nsonga, kamphete katsopano n'kugwa. Alembi osaima. Amazunguliranso, n'kuzunguliranso, mpaka selo kudzaza ndi timphete tosakhala take, ntchito yake yeniyeni itaima. Chikasu chimene timaona patsamba ndi malo amene ntchito inaima.

Mphunzitsiyo anavomera kuti zina mwa izi akatswiri ankangoziganizira, anali asanazitsimikize. Koma chimodzi ananena motsindika: palibe mankhwala opopera amene angafike mmenemo, ndipo feteleza sachiza, chifukwa amene akugwira ntchito yoipayo ndi alembi a chimanga chomwecho. Vayirasi imachoka paphesi lodwala kupita palabwino kudzera mwa tizilombo touluka timene timayamwa masamba. Phesi lodwala lizulidwe, likwiriridwe. Mawu amenewo ndinawadula mzere kawiri m'kope.

Phunziro limeneli ndinalikonda. Ndinalijambula ndi bolopeni ziwiri, yofiira ndi yabuluu. Ena ndikawafotokozera amafuna kulifanizira ndi mimba yanga, amvekere chinthu chachilendo chinalowa n'kuimitsa ntchito. Asiye zimenezo. Mwana wanga sanali matenda.

Madzulo a tsiku limene ndinaona timizere ndinatengera amayi paphesi lija.

"Amayi, chimanga chadwala."

"Chamva njala. Sukuona chikasu?"

"Si njala. Ndi kachilombo."

Amayi anatembenuza tsamba, anasuzumira kumtima kwa phesi, anafukula pansi ndi chala. "Kali kuti? Kapuchi ndimamudziwa. Chiswe ndimachidziwa."

"Sikaoneka ndi maso."

"Iwe unakaona?"

"Ayi."

"Aphunzitsi akowo anakaona?"

"Pachithunzi."

"Ehe. Nyamula kheni, dzuwa likulowa."

Patapita masiku awiri amalume anabwera ndi feteleza wotsala kumunda kwawo, m'kathumba komanga ndi luzi. Choipa sindiwanenera pamenepa: anamusenza okha kuwoloka naye dambo, ndipo akanatha kumusunga. Ndinayesa kuwafotokozera. Ndinatola kamtengo n'kujambula mphete padothi, ndi puloteni itagwira pamalo opindika. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja kumbuyo, ngati akumvetsera mwana wa katekisimu amene wasokoneza malamulo khumi.

"Ndiye ukuti m'tsamba ili muli ulusi?"

"Eya, amalume."

"Ndi alembi?"

"Ndi mawu chabe ofanizira."

"Mlongo, wamva? Usamavutikenso kupita ku Mayani kukagula ulusi. Uzingothyola masamba, adokotala a chimanga azikusokera."

Amayi anaseka, koma osati kwambiri. Anatenga chitsekerero cha botolo ndi kamtengo kobowolera n'kuyamba kuthira. Ndinawatsata pambuyo ndikuona zimene ankachita. Phesi lobiriwira ankalipatsa chitsekerero chimodzi. La timizere ankalipatsa ziwiri. Feteleza atayamba kuchepa m'kathumba, obiriwira anayamba kuwadumpha.

"Amayi, mukutaya feteleza. Patsani abwinowa."

"Wonenepa adikire. Iwe utadwala chikuku ndinkakupatsa dzira, ine n'kudya masamba. Ukanakonda ndikutaye?"

Mawu amenewo anandikwiyitsa koposa. Ndinkaona m'mutu mwanga zimene zichitike. Phesi lodwala lilandira chakudya, litulutsa masamba anthete, ndipo m'masamba anthete ndi mmene timphete timachulukana kwambiri. Amayi ankadyetsa matenda ndi chitsekerero, mwachikondi, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

Kwathu chimanga chikakula sichizulidwa. Kupatulira kulipo, koma kumachitika chili chaching'ono, ndipo amapatulira ndi mwini munda. Chikafika m'mawondo chasanduka chakudya. Amene amazula chotere ndi wamisala, kapena mdani amene akufuna kuti pakhomo panu pagwe maliro. Ndinkazidziwa zimenezi. Ndinakulira momwemo. Koma sabata imeneyo mapesi a timizere ankawonjezeka tsiku ndi tsiku, ndipo akazi a amalume anatumiza kadiresi kamaluwa kuti mwana ayese ngati kamukwana.

Lamulungu anthu onse anapita ku Misa. Ine ndinali nditasiya kupitako. Anandiimitsa kulandira Ukaristia chifukwa cha mimba ija, ndipo ndinatopa n'kukhala kumbuyo kwenikweni, kumene amayi ena ankatembenuka kudzaona ngati ndikulira. Belu lachiwiri litalira ndinabereka mwana, ndinatenga khasu, n'kutsikira kudimba.

Phesi loyamba linakana. Ndinaligwira ndi manja awiri n'kukoka, mizu n'kuduka ndi kaphokoso ngati nsalu ikung'ambika. Pansi pake feteleza anali asanasungunuke yense, timibulu toyera tili mbuu. Lachiwiri silinavute. Kenako ndinasiya kuganiza. Ndinkayang'ana tsamba lanthete, ndikaona dontho kapena kamzere, kukoka. Phando lina ndinkasiyapo limodzi, lina osasiyapo kanthu. Mwana kumsana ankaseka nthawi zonse ndikawerama, ankayesa masewera. Ndinakumba dzenje kuseri kwa mpanda, ndinaponyamo zonse, ndinakwirira, n'kupondaponda. Nditatembenuka kuyang'ana dimba ndinachita mantha. Linali ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Pa mapesi atatu alionse, limodzi linali litapita.

Amayi anafika dzuwa lili pamutu, atavala nsalu yawo ya kutchalitchi, kolona ili m'khosi. Anadzera kudimba kudzathyola mpiru. Anaima pachipata. Poyamba anayang'ana mpanda ngati pali pamene nkhumba zinaboola. Kenako anayang'ana pansi kufuna mapazi a ng'ombe. Atapeza kuti maenje ndi osalala, ozulidwa ndi manja a munthu, anaika manja kumutu n'kuyamba kulira mokweza, kufunsa kuti analakwira yani, mkazi wamasiye wopanda ngakhale mbuzi.

"Ndine, amayi."

Kulira kunaima.

"Wati chiyani?"

"Ndazula ndine. Chinali chodwala. Chikanapatsira chinzake."

Ndinkadikira khofi, ndipo likanandipepukira. Sanandimenye. Anafunsa kuti ndachiika kuti. Ndinawalozera. Anapita padzenje paja ndi nsalu yawo ya kutchalitchi, anagwada, n'kuyamba kufukula ndi manja. Anatulutsa mapesi angapo, othyoka, odzaza dothi, n'kuyesa kuwaimika m'maenje mwake. Ankagwa. Ankawaimikanso.

"Amayi, sangagwire."

"Khala chete. Unapita kusukulu kukatenga mimba ndi misala. Chimodzi chikanakwana."

Amalume anabwera madzulo ake, atamva kwa mayi wa dimba loyandikana ndi lathu. Anayenda m'dimba monse. Atatuluka anati nkhaniyi ithere pabanja, anthu akafunsa tizinena kuti zinalowa nkhumba. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mphwanga, feteleza uja ndinamusenza pamutu panga."

"Ndikudziwa, amalume."

"Ukanandiuza kuti ukufuna kumukwirira, ndikanakukumbira dzenje kwathu konko, osavutika kuwoloka."

"Chotsalachi chibereka. Mudzaona."

"Tidzaona. Ine sindithamanga."

Sabata imeneyo amayi sanandilankhule. Ankathirira mbali yawo, ine yanga. Chimanga chotsalacho chinali chobiriwira, chopanda banga, ndipo m'mawa uliwonse ndinkachiyendera phesi ndi phesi, kutsegula masamba anthete ngati ndikuyang'ana m'kamwa mwa mwana. Masiku asanu ndi limodzi anadutsa popanda kanthu. Ndinayamba kukonza mawu amene ndidzawauze amalume.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinapeza timadontho pa mapesi anayi. Mawa lake anali ochuluka moti ndinasiya kuwerenga.

Ndinapita kumpanda n'kumenya udzu ndi phazi chifukwa cha mkwiyo. M'udzumo munatuluka tizilombo tambirimbiri, totuwa, tating'ono ngati njere za mpunga, todumpha chammbali. Ndinawerama n'kuthyola tsamba la udzu. Nalonso linali ndi timizere. Ndinasuzumira m'dimba la mayi woyandikana nafe: timizere paliponse, ndipo iye sanazule ngakhale limodzi. Ndinathamangira kunyumba, ndinatsegula sutikesi, n'kutulutsa kope lija. Chithunzi cha mphete chinalipo, chofiira ndi chabuluu. Mawu odula mzere kawiri analipo. Tsamba lotsatira linali ndi mutu wokha, wa phunziro la sabata yotsatira, lonena za tizilombo tofalitsa matendawa ndi mmene amayendera m'munda. Pansi pa mutuwo panalibe kanthu. Lachisanu la sabata imeneyo ndi limene anatiitana atsikana tonse kukatipima mimba.

Mlangizi wa zaulimi ankadutsa kwathu panjinga mwa apo ndi apo. Ndinamudikira pamsewu n'kumuimitsa. Anali bambo wachikulire, wa maphunziro ochepa kuposa amene ine ndinasiyira panjira. Za mphete ndi mapuloteni sankazidziwa, ndipo sanafune kuzimva. Anayang'ana tsamba limene ndinamupatsa n'kundibwezera.

"Mwazula chili potani, mayi?"

"Chitapitirira m'mawondo."

Analiza mluzu pang'ono. Anati kachilombo kouluka kaja kakayamwa kamodzi phesi lodwala kamanyamula matendawo mpaka kufa, ndipo m'dambo timakhala m'udzu chaka chonse. Anati phesi limatha kukhala nawo sabata yathunthu lisanaonetse, ndiye amene ndinawasiya ngati abwino ambiri anali atalumidwa kale. Kuzula kumathandizako chimanga chikakhala chaching'ono, odwala ali owerengeka, anansi nawonso akuzula. Chimene chagwidwa chili chanthete sichibereka, zoona. Koma chimene chagwidwa chitakulako chimabereka ndithu, ngakhale mochepa.

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Muzithirira. Musazulenso."

Anakwera njinga yake. Mawu ake onse sakanadzaza theka la tsamba lopanda kanthu lija.

Amayi anabzalanso m'mipata ndi mbewu yomaliza imene anaisunga m'chigubu. Ndinadziwa kuti ipita pachabe, koma pakamwa panga panali patatha ntchito. Inamera, ndipo isanafike masamba anayi inali yachikasu yonse. Inakhala yopinimbira choncho mpaka mvula inabwera n'kuiwoletsa.

Nkhokwe inatha Khirisimasi isanafike, monga ananenera amalume. Tinayamba kuthyola cham'dimba chisanakhwime bwino. Chinabereka, koma tiana tating'ono, tina ta mano apatalipatali. Tsiku lina amayi anabwera kuchokera kudambo ndi chimanga chimodzi m'manja n'kuchiika pamwendo panga. Chinali chachifupi ngati chikhatho, koma chodzaza mpaka kunsonga.

"Ichi chachokera kwa anzathu a dimba loyandikana aja. Paphesi la timizere, lonse lachikasu. Andipatsa kuti ndikuonetse."

Amenewo anali mawu ataliatali oyamba amene anandilankhula chichokere Lamulungu lija. Ndinawotcha chimangacho n'kutafunira mwana.

Sindikudziwa kuti mapesi amene ndinakwirira akanatipatsa zingati. Ena mwa iwo anagwidwa msanga ndipo sakanabereka kanthu, zimenezo ndimaumirirabe. Koma ena akanabereka ngati chija cha pamwendo. Amayi amati zikanatifikitsa pa maungu oyamba. Mwina akunena zoona. Ndaziwerengera kambirimbiri ndipo yankho limasintha malinga ndi mmene ndadzukira.

Cham'dimba chinatha Januwale ali pakati. Tinayamba kudya phala la gaga kamodzi patsiku, ndi masamba a maungu opanda mchere wokwanira. Ndinkapita kukapalira m'minda ya ena kuti andipatse kambale ka ufa, koma chaka chimenecho opalira anali ambiri kuposa minda. Mkaka wanga unachepa. Mwana ankayamwa, n'kusiya, n'kundimenya pachifuwa ndi kadzanja kake. Tsitsi lake linayamba kufiira chakutsogolo. Zimenezo sizinafunike mlangizi kuti andimasulire.

Amalume anabwera Loweruka m'mawa, akazi awo ali pambuyo ndi nsalu yatsopano yopinda bwino. Sananyoze tsiku limenelo. Anakhala pampando, anavula chipewa, n'kulankhula ndi amayi za mvula. Kenako anati, "Mphwanga, taona tsitsi la mwanayo."

"Ndaliona."

"Mpaka kukolola basi."

"Akuyamwabe."

"Wakula. Ayamwa phala."

Ndinayang'ana amayi. Ankayang'ana pansi. Ndikanatha kukana. Palibe amene akanandilanda mwana m'manja. Koma m'nyumba munali gaga wa masiku awiri, ndipo ndinali nditanenapo kale kamodzi kuti ndikudziwa chochita. Ndinalowa m'nyumba, ndinamuveka kadiresi kamaluwa kaja, kamene tsopano kankamukhuthukira m'mapewa, n'kumupereka. Akazi a amalume anamulandira ndi manja awiri. Sankadziwa kubereka mwana kumsana, ndipo ndine ndinawamangira nsaluyo. Mwana sanalire mpaka atafika pamtengo wowolokera. Kuchokera pamenepo ndinamumva mpaka kutsidya.

Mabere anatupa masiku anayi. Amayi anandiwiritsira madzi n'kundithowa ndi kansalu. Amalume anati ndisapiteko msanga, mwana azolowere kaye. Ndinamvera kwa milungu itatu. Nditapita anandilirira, ndipo pobwerera anachita kumugwira. Ulendo wachiwiri analira pang'ono. Ulendo wachitatu ndinamupeza akugona, ndipo anandipempha kuti ndisamudzutse.

Tinakolola mu Meyi. Chaka chimenecho kumunda kunabereka. Tsiku limene tinamaliza kututa ndinasamba, ndinatenga nsalu yanga yoberekera, n'kuwoloka dambo. Ndinawapeza pakhonde akusenda mbatatesi. Mwana anali atanenepa, masaya ali phwii, tsitsi lakuda bii, atavala tinsapato tapulasitiki. Ndinagwada n'kutambasula manja. Anandiyang'ana, n'kuthawira kuseri kwa akazi a amalume, n'kugwira nsalu yawo ndi manja onse awiri.

"Pita kwa alendo, ukapereke moni," anatero iwo. Atazindikira chimene anena, anagwira pakamwa.

Amalume anatuluka m'nyumba akumanga lamba. "Wabwera, mphwanga? Mwakolola bwanji?"

"Bwino. Ndabwera kudzatenga mwana."

"Palibe akukukaniza. Mutenge."

Ndinamunyamula. Anauma thupi lonse n'kukuwa ngati ndamutsina, miyendo ikundimenya m'mimba, manja ali kwa mayi winayo. Ndinayenda naye mpaka pamtengo wa mapichesi kumapeto kwa bwalo. Anakuwa mpaka mawu anatha, kukamwa kuli yasa, mpweya osatuluka. Ndinamutsitsa. Anathamanga osacheuka.

"Akuleko pang'ono," anatero amalume. "Kuno ndi kwanu komwe. Uzibwera."

Akazi awo anandipatsa mbatatesi m'kabeseni kuti ndikapatse amayi. Ndinazimanga m'nsalu yoberekera ija n'kuzisenza.

Chaka chino mwanayo wayamba sukulu. Amanditcha achemwali.